Womutsatira mtsogoleri: wachigawo, wamgwirizano, wobwera kapena wofatsa?

Pa depoti ya Nkhotakota, m'maminibasi a msewu wa M5 opita ku Salima, ngakhale pa bawo ku Linga, nkhani ya womutsatira, munthu amene amaima limodzi ndi woimira upulezidenti ngati wachiwiri wake, sidikira chaka cha chisankho. Chipani chikangotchula za konvenshoni, anthu ayamba kale kugawa mipando: uyu atenga wa kumpoto, uyo atenga mayi, winayo sangachitire mwina koma kugwirana manja ndi chipani china. Dzina lenileni timalimva tsiku lopereka zikalata ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC, ndipo kawirikawiri olosera ambiri amagwa nayo. Koma mitundu ya anthu amene amatengedwa ndi yochepa, ndipo kuyambira 1994 yonse tayiona ndi maso. Ndikulembera inu a m'makomiti a zipani, amene mawu anu amakwera mpaka kwa akuluakulu, komanso inu amene mudzangolowa m'kachipinda n'kuchonga. Pa pepala lovotera mumachonga kamodzi, koma olembedwa ntchito ndi anthu awiri.

Zoyezera zake

Tiyambe ndi lamulo, chifukwa ndi limene limasiyanitsa mpandowu ndi unduna. Gawo 80 la malamulo aakulu a dziko lino limati woimira upulezidenti atchule wachiwiri wake pamene akupereka zikalata, ndipo awiriwo amasankhidwira limodzi. Akapambana, pulezidenti sangachotse wachiwiriyo ndi kalata monga achitira ndi nduna. Njira yake ndi yodzera ku Nyumba ya Malamulo, yomuimba milandu, ndipo ndi yaitali. Mwini chilimira ku Senga Bay akayambana ndi siginala wake usiku, mawa lake amakweza wina m'bwato. Pulezidenti alibe mwayi umenewo, amapalasa ndi yemweyo zaka zisanu.

Gawo 83 likuti mpando wa pulezidenti ukakhala wopanda munthu, wachiwiri ndiye amamaliza zaka zotsalazo. Izi si zongolemba: a Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 April 2012, mayi Joyce Banda analumbira pa 7 April, chonsecho chipani cha DPP chinali chitawachotsa kale mu December 2010.

Chachitatu ndi masamu. Mu 2004 a Bingu analowa m'boma ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse, ndipo a Peter Mutharika mu 2014 chimodzimodzi. Kuyambira pa chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020, wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti onse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti kumwera kuli anthu pafupifupi 44 pa 100, pakati 43, kumpoto 13. Palibe chigawo chimene chingalowetse munthu ku State House pachokha.

Choncho mtundu uliwonse ndiuyeza pa zinayi. Mtengo: mtsogoleri ataya chiyani, akwiyitsa yani, pomutenga. Kupezeka: alipo angati otere, ndipo angavomere. Kumusunga: chisankho chikatha, adzafuna chiyani kuti akhale phee. Zoopsa: zikavuta, zimavuta motani. Zoti "ndi munthu wa anthu", "ndi woopa Mulungu", zimene timamva pa misonkhano, ndazisiya dala. Womutsatira aliyense amakhala woopa Mulungu pa tsiku lomuonetsa ku gulu.

1. Mkulu wa m'chipani wochokera chigawo china

Iyi ndi njira yakale, ndipo ndi imene olosera ambiri amathamangira. Mtsogoleri wa kumwera atenge wapakati, wapakati atenge wa kumpoto kapena wa ku chigwa cha Shire. A Bakili Muluzi anatenga a Justin Malewezi a ku Ntchisi mu 1994 ndi 1999. A Lazarus Chakwera anatenga a Richard Msowoya a ku Karonga mu 2014, a Sidik Mia a ku chigwa cha Shire mu 2019, ndi a Vitumbiko Mumba a ku Mzimba mu 2025.

Mtengo wake: umalipiridwa m'chipani momwemo. Akuluakulu amene amadziona oyenera amakhala asanu kapena khumi, mpando ndi umodzi. Mu 2014 mayi Joyce Banda anasiya a Khumbo Kachali, amene anali wachiwiri wawo m'boma, n'kutenga a Sosten Gwengwe a ku Dedza. Chisankho chili pafupi a Kachali anauza anthu kuti avotere a Peter Mutharika. A Msowoya nawo, a Mia atalowa MCP mu 2017 n'kutenga mpando wa wachiwiri m'chipanimo, anathera ku UTM. Wosiyidwa samangopita yekha, amanyamula makomiti ake.

Kupezeka: ndi ambiri, chipani chilichonse chili nawo. Osowa ndi amene anthu a kwawo amawatsatiradi. Kukhala nduna kapena phungu wa dera limodzi si kukhala mwini chigawo. A Gwengwe sanasunthe Dedza kuchoka kwa tambala wakuda, ndipo mayi Banda anathera pa nambala yachitatu ndi mavoti 20 pa 100. A Mumba sanaletse a Chakwera kutsika kufika pa 33 pa 100 mu 2025. Chaka chimenecho anthu ankayang'ana mtengo wa chimanga, wa feteleza ndi mizere ya mafuta, osati boma limene womutsatira anabadwira.

Kumusunga: amafuna unduna wooneka, amafuna anthu ake apatsidwe malo, ndipo koposa zonse amafuna kumva kuti mawa ndi lake. A Malewezi anakhala ndi a Muluzi pafupifupi zaka khumi popanda phokoso, ndipo palibe awiri ena amene anafikapo pamenepo. Koma UDF itawalumpha n'kutenga a Bingu, anatuluka m'chipani kumayambiriro kwa 2004 n'kukaima paokha.

Zoopsa: apa ife a ku Nkhotakota sitifunika kuuzidwa. Mu 2004 a Cassim Chilumpha, mwana wa kuno, loya, munthu wozama mu UDF, anaima ndi a Bingu. Pa pepala zinali zokoma: mtsogoleri wa ku Thyolo, wachiwiri wa kunyanja m'chigawo chapakati, Mkhristu ndi Msilamu. Anthu kuno anavina, poganiza kuti msewu ndi chitukuko zafika. Mu February 2005 a Bingu anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, a Chilumpha anatsala. Mu February 2006 boma linalengeza kuti wachiwiriyo wadzichotsa yekha pa ntchito, khoti linakana. Mu April chaka chomwecho anamangidwa pa mlandu wofuna kugwetsa boma, mlandu umene iwo anaukana ndipo unakhala m'khoti zaka zambirimbiri. Anamaliza zaka zawo zisanu ali wachiwiri wa dzina lokha. Nkhotakota inapindula chiyani? Funsani amene amayenda pakati pa Benga ndi Dwangwa nthawi ya dzinja zaka zonsezo. Mkulu wa m'chipani amakhala ndi mizu yakeyake, ndipo tsiku limene mtsogoleri ndi chipani asiyana njira, iye amatsata mizu.

Ndionjezepo chimene olosera amaiwala. Opambana kwambiri m'mbiri yathu sanayendere masamu a zigawo. Mu 2009 a Bingu a ku Thyolo ndi mayi Banda a ku Zomba, onse a kumwera, anapeza mavoti 66 pa 100. Mu 2020 a Chakwera a ku Lilongwe ndi a Saulos Chilima a ku Ntcheu, onse apakati, anapitirira 58.

2. Mtsogoleri wa chipani china

Uyu sabwera yekha. Amabwera ndi mbendera, makaka, oyang'anira mavoti ndi anthu amene anamuvoterapo kale.

Mtengo wake: ndi wokwera kuposa onse. Mpando wa wachiwiri ukatuluka m'chipani, wachiwiri wa chipanicho amatsala m'manja muli mbee. Mu 1999 a Gwanda Chakuamba anatenga a Chakufwa Chihana a AFORD, ndipo a John Tembo, amene anali wachiwiri mu MCP, anatsala panja. Chipanicho chinang'ambika pawiri zaka zotsatira. Mu 2020 a Mia anapatuka kuti a Chilima adutse, ndipo anachita bwino kutero, koma si onse ali ndi mtima umenewo. Pamwamba pa izo pali maunduna, ukazembe ndi mipando ya m'mabungwe a boma zogawana, komanso mkangano wa m'madera: mukagwirizana pamwamba, nanga ku Salima South kapena ku Nkhotakota Central aimire ndani uphungu?

Kupezeka: ochepa kwambiri. Zipani zolembetsa n'zambiri, ndipo mu 2025 pa pepala panali oimira upulezidenti 17, koma okhala ndi mavoti owerengeka sakwana dzanja limodzi. Aliyense wa iwo amadziona pulezidenti. Kumuuza kuti akhale wachiwiri kuli ngati kuuza mwini bwato kuti lero akhale mlovi.

Kumusunga: pamafunika pangano lolembedwa, ndipo ine ndinganene kuti lolembedwa poyera. Nkhanga zinapangana kusanapse. Mu July 2022 a Chilima anauza mtundu kuti pangano la Tonse, mgwirizano wawo ndi a Chakwera wa mu 2020, linali loti a Chakwera alamulire zaka zisanu kenako iwo aime mu 2025. A MCP sanavomereze kuti zili choncho. Ife ovota pepalalo sitinalione tisanavote, ndiye tinangokhala oonerera ndewu ya m'nyumba ya eni. Malamulo a dziko sazindikira mapangano otere. Akangolumbira, mphamvu zonse zili ndi pulezidenti, ndipo wachiwiri amagwira zimene wapatsidwa.

Zoopsa: mavoti samangophatikizika ngati ndalama. Zinatheka mu 2020, pamene 35 ya a Chakwera ndi 20 ya a Chilima za mu 2019 zinabala zoposa 58. Koma a Chakuamba ndi a Chihana anagonja mu 1999. Mgwirizano Coalition ya a Chakuamba ndi a Aleke Banda inakhala yachitatu mu 2004. A Tembo ndi a Brown Mpinganjira, UDF ili pambuyo pawo, anagwa mu 2009, ndipo a Peter Mutharika ndi a Atupele Muluzi anagwa mu 2020. Anthu amene akhala akunyozana zaka khumi savala nsalu imodzi chifukwa choti mabwana awo ajambulitsa limodzi. Ngakhale pamene zinatheka, ukwati sunalimbe: mu June 2022 a Chakwera anasiya kutuma a Chilima ntchito za boma, mu November bungwe lolimbana ndi katangale la ACB linawamanga, milanduyo inathetsedwa mu May 2024, ndipo a Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024, UTM inatuluka m'mgwirizano mwezi wotsatira.

Pali khomo la kumbali limene olosera ayenera kulikumbukira. Gawo 80 lomwelo limalola pulezidenti kusankha wachiwiri wina wotsatira, bola asachokere m'chipani chake. A Chakufwa Chihana anakhalapo pa mpando umenewu kuyambira 1994 mpaka 1996, kenakonso 2003 mpaka 2004, ndipo mwana wawo a Enoch Chihana anaupeza mu 2025 AFORD itathandiza DPP. Kwa mtsogoleri, iyi ndi njira yotchipa yogulira mgwirizano, popeza wosankhidwa motere salowa ufumu pulezidenti akamwalira. Kwa ife okhoma msonkho, ndi ofesi ina yofuna nyumba, galimoto ndi apolisi.

3. Wobwera kuchokera kunja kwa ndale

A Chilima, poima ndi a Peter Mutharika mu 2014, anali mkulu wa kampani ya Airtel, zaka 41, osagwirapo mpando uliwonse wa ndale. A Michael Usi, amene anaima ndi a Chilima mu 2019, ankadziwika ndi zisudzo ndi ntchito za bungwe la ADRA. Mayi Jane Ansah, amene anaima ndi a Peter Mutharika mu 2025, anabwera ndi mbiri ya uweruzi ku khoti lalikulu la apilo ndi upampando wa MEC.

Mtengo wake: ndi wapakati. Akuluakulu a chipani amadandaula kuti ife tinapsa ndi dzuwa, mlendo ndiye adye. Komabe poti onse alumphidwa mofanana, palibe gulu limene lagonjetsa linzake, ndipo nthawi zina mtsogoleri amatenga mlendo pa chifukwa chimenechi basi.

Kupezeka: anthu ophunzira ndi odziwa ntchito tili nawo ambiri. Lamulo limangofuna Mmalawi wa zaka 35 kapena kuposerapo wopanda zomuletsa. Ovuta kupeza ndi amene angasiye malipiro abwino n'kukaima pa thiraki pa Kamuzu Road dzuwa lili pamutu, n'kuyankhula Chichewa choti mayi wogulitsa usipa aseke. A Chilima anali nalo luso limenelo, miyambi ili pakamwa. Ambiri a m'maofesi alibe, amawerenga pepala ngati ali pa msonkhano wa bodi.

Kumusunga: amafuna ntchito yeniyeni. A Chilima anapatsidwa zokonzanso kagwiridwe ka ntchito m'boma ndi za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Vuto lake n'lakuti akaigwira bwino amatchuka, akatchuka a m'chipani amayamba kumuopa, ndipo manong'onong'o amafika kwa bwana. Mukam'landa ntchitoyo, mwasunga munthu waluso wopanda chochita m'nyumba ya boma ku Area 12, akulandira malipiro, ali ndi nthawi yonse yoganiza za mawa lake.

Zoopsa: mlendo alibe ngongole ndi chipani. Mu June 2018 a Chilima anatuluka mu DPP, mu July anakhazikitsa UTM, ndipo mu 2019 anapikisana ndi bwana wawo akadali wachiwiri wake. Wobwera amabweranso ndi katundu wa kumene akuchokera. Mayi Ansah ndiwo ankatsogolera MEC pa chisankho cha 2019 chimene khoti linachifafaniza, ndipo anthu anayenda m'misewu miyezi yambiri kufuna kuti atule pansi udindo. Ambiri, ine ndemwe, tinkati dzina limeneli lidzathawitsa mavoti. A Mutharika anapambana ndi 56.8 pa 100. Zikuonetsa kuti anthu akatopa ndi boma, womutsatira sawabweza, kaya akhale ndi mbiri yotani.

Pano ndipatuke pang'ono pa nkhani ya amayi, poti imabwera nthawi zonse pa zolosera. Kawiri konse pamene chipani chachikulu chinaika mayi kukhala womutsatira, mu 2009 ndi mu 2025, chinapambana. Koma "mayi" si mtundu wa womutsatira. Mayi Banda anali nduna ndi mkulu wa ndale wokhala ndi gulu lake, mayi Ansah anachokera ku makhoti. Muwayeze ndi zoyezera zomwezi. Wonena kuti mayi adzakhala wofatsa ndi womvera sanaphunzire kanthu mu 2011, pamene People's Party inabadwa.

4. Wofatsa, wokhulupirika, wosaopsa

Mtsogoleri amene analumidwapo amafuna ameneyu. Atasiyana ndi a Chilima, a Mutharika mu February 2019 anatulukira ku COMESA Hall ndi a Everton Chimulirenji, phungu wa ku Ntcheu amene ambiri kuno anayamba afunsa kuti ndi ndani.

Mtengo wake ndi wotsika pa tsiku losankha, ngakhale akuluakulu olumphidwa amang'ung'udza. Kupezeka: ali mbwee. Kumusunga n'kosavuta, kumutuma ku maliro, ku mapemphero ndi kokatsegula misonkhano. Zoopsa zake n'ziwiri. Sawonjezera mavoti, ndipo m'nthawi ino ya theka ndi voti imodzi, zimenezo zokha zingagwetse munthu. Onani kuti chisankho chitabwerezedwa mu 2020, a Mutharika anawasiya n'kutenga a Atupele. Chachiwiri n'chachikulu kwa ife ovota: munthu amene anasankhidwa chifukwa choti sangalimbane ndi bwana ndi yemweyo angadzuke m'mawa wina ali pulezidenti wa anthu oposa 20 miliyoni.

Ndani ayenera ndani

Mtsogoleri wa chipani chotsutsa amene mavoti ake amathera pa 30 kapena 35 pa 100, ndipo pali chipani china chokhala ndi 15 kapena 20, alibe zambiri zosankha. Atenge mtsogoleri wa chipanicho, alipire mtengo wake, koma pangano liwerengedwe pa wailesi anthu asanavote, makamaka ndime ya amene adzaime chisankho chotsatira. Ngati chipani chinacho n'cha chigawo chimodzi ndipo mavoti ake ndi ochepa, mpando wa wachiwiri wotsatira ndi maunduna awiri zikwanira. Kupereka womutsatira pamenepo n'kugula usipa pa mtengo wa chambo.

Chipani chimene chagawanika m'kati, magulu awiri akukokana, chimapulumuka ndi wobwera. Kutenga mkulu wa gulu limodzi n'kuuza gulu linalo kuti lizipita. Koma mtsogoleri akhale woti angapirire kumva anthu akuombera m'manja wachiwiri wake kuposa iye. Ngati ndi wa nsanje, asayerekeze.

Mkulu wa chigawo china amayenera pamene chipani chili cholimba kwawo koma chikusowa pang'ono kuti chidutse theka, ndipo munthuyo ali ndi umboni: anapambanapo uphungu kangapo, makhansala ndi aphungu oyandikana naye amamumvera. A m'makomiti, musanatumize dzina kumtunda, tengani zotsatira za chisankho chapita m'boma la munthuyo, muone ngati chipani chinakwera iye atalowa. Mufunsenso kuti anamusankha ndi mtsogoleri mwini kapena amupatsa ndi ena. A Chilumpha anali munthu wa UDF ndi a Muluzi kuposa wa a Bingu, ndipo mng'alu unayambira pamenepo.

Pulezidenti amene ali kale pa mpando, akuimanso komaliza, amakopeka ndi wofatsa, chifukwa safuna womuwerengera masiku. Zingatheke ngati chuma chili bwino ndipo anthu akhuta. Chimanga chikakwera, wofatsa samuthandiza, ndipo ngakhale wachigawo samuthandiza. Mu 2025 Nkhotakota yeniyeniyi, imene ambiri ankaiwerengera ku MCP, inapatsa a Mutharika mavoti ochuluka.

Mtsogoleri wachikulire kapena wodwaladwala ndi nkhani ina. Pamenepo iwalani za zigawo, za chipembedzo ndi za nsalu. Womutsatirayo muyeseni ngati ndi iye akuimira upulezidenti: anayendetsapo chiyani, ndalama za anthu zinatuluka bwanji m'manja mwake, angakhale pansi ndi asilikali, a mabanki ndi mafumu n'kumvana nawo. Akabwera kudzachititsa msonkhano ku Dwangwa, ku Mwansambo kapena ku Chipoka, musamufunse zimene bwana wake adzachite. Mufunseni mtengo umene iye angaikire mpunga wa ku Lifuwu ndi nzimbe za alimi ang'onoang'ono, ndipo mumvetsere ngati akuyankha yekha kapena akuyang'ana kaye kwa amene amugwirira pepala.